Funsani Amalume: Mwana wanga akuti nkhondo ya Linux inatha kale

FUNSO

Amalume, ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza ku Kamwala. Timapanga makhadi a ukwati, timapepala ta ndondomeko ya maliro, ma CV ndi zikwangwani za matchalitchi. Kale ndinali ndi kafe ya intaneti ku Kabwata, ndipo kuyambira nthawi imeneyo makompyuta anga onse amayendera Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Timalemba ndi LibreOffice, timajambula ndi Inkscape, masamba timayala ndi Scribus. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anamaliza koleji n'kubwera kudzandithandiza. Ndi wolimbikira, sindingamunamizire, ndipo makasitomala achinyamata amamukonda. Koma chilichonse amapangira pa Canva ndi Google Docs, mapulogalamu a pa intaneti ojambulira ndi olembera, nthawi zambiri pafoni. Ndikamuuza kuti zinthu zimenezo si zathu, amati: "Adadi, zonse n'zaulere, ndipo ntchito ikutuluka msanga. Nkhondo yanu ya Linux inatha kale." Mawu amenewa anandipweteka. Shopuyi ndikufuna kudzamusiyira iyeyo. Kodi ndimukakamize kuphunzira zida zanga, kapena ndine ndatsalira?

Bambo wa ku Kamwala

YANKHO

Akulu anga, musamukakamize. Mwana amene wabwera kudzagwira ntchito pashopu ya bambo ake, pamene anzake akuzungulira ndi maenvulopu m'maofesi a m'tauni, si woti muyambane naye chifukwa cha Inkscape. Komanso simunatsalire. Pali chinthu chimodzi chimene mukuchiona bwino kuposa iye, ndipo pa chimenecho musagonje. Koma choyamba tikumbutsane kumene inu ndi ine tachokera, pakuti mwanayo sakudziwa chimene chinatiwawa.

Intaneti inafika kuno mu 1994, pamene ZAMNET inayamba ntchito pa UNZA. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, pulogalamu inali katundu wogwirika. Inkabwera pa CD, pamodzi ndi nambala yaitali yoti utayipe isanavomere kugwira ntchito. Windows ndi Office zenizeni zinkagulidwa pa mtengo wa madola, ndipo mwini kafe wamba sakanakwanitsa kugulira makina ake onse. Ambiri ankangotenga CD yokopera, imene anyamata ankati ya crack. Mukukumbukira vayirasi ija ya pafulashi, imene inkabisa mafoda a kasitomala n'kusiya onamizira? Munthu wabwera kudzasindikiza kalata yofunsira ntchito, walowetsa fulashi, kalata yasowa, ndipo akukuyang'ana ngati ndiwe wamubera. Loweruka masana ena akupita kumpira, mwini kafe ali kalikiliki kufufuta makina kuti aikemo Windows mwatsopano.

Kenako kunabwera Ubuntu, mtundu wina wa Linux, mu Okutobala 2004. Mark Shuttleworth wa ku South Africa, kudzera m'kampani yake ya Canonical, ankatumiza ma CD papositi kwa aliyense wopempha, osalipira ngakhale sitampa. Unkadikira masabata angapo, tsiku lina n'kupeza envulopu m'bokosi lako kupositi ya pa Cairo Road. Ukaika CD ija, sikirini inkabwera yofiirira, tingoma n'kulira, ndipo pachikuto analembapo kuti ndiwe wololedwa kukopera ndi kugawira anzako. Kwa munthu amene wakhala zaka akugwira ntchito mtima uli m'mwamba chifukwa cha katundu wakuba, mawu amenewo anali aakulu. Ntchito yotumiza ma CD ija inatha mu 2011, mwana wanu akadali kupulayimale.

Maganizo amene anabala CD imeneyo ndi akale kuposa Ubuntu, ndipo inu a zosindikiza muwamva msanga chifukwa anayambira pa pulinta. Richard Stallman ankagwira ntchito pa yunivesite ya MIT, ku America, kumene pulinta yatsopano inkatsamwa mapepala kawirikawiri. Iye ankafuna kusintha pulogalamu yake kuti izidziwitsa anthu ikatsamwa, koma anamukaniza kuona source code, malemba aja amene opanga pulogalamu amalemba ndi kukonza. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU yopanga mapulogalamu aufulu, mu 1985 anakhazikitsa Free Software Foundation, ndipo mu 1989 anatulutsa layisensi ya GPL. Ankafuna kuti wogwiritsa ntchito pulogalamu akhale ndi ufulu woiyendetsa pa chilichonse, woona mmene inapangidwira n'kuisintha, woikopera anzake, ndiponso wogawa imene wasinthayo. GPL inaikanso lamulo loti ukapatsa munthu pulogalamu yotere, umupatsenso source code pa ufulu womwewo. Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 ku Helsinki, anayamba Linux mu 1991, ndipo chaka chotsatira anaiika pansi pa GPL.

Tsopano taganizirani za mwana wanu. Kompyuta yake yoyamba inali foni. Sanatayipepo nambala ya layisensi, sanaonepo bokosi la Office, sanachezerepo usiku akufufuta makina. Kwa iye pulogalamu ndi malo amene umalowamo ndi imelo ndi pasiwedi. Mukamuuza za ufulu wokopera amadabwa, chifukwa palibe amene anamuletsapo. Amangotumizira mnzake linki, basi.

Ndipo akamati nkhondo inatha, sakunama kwenikweni. Android imene ili m'foni mwakemo, imene foni yake yoyamba inatuluka mu 2008, mtima wake ndi Linux. Kuyambira mu 2017, makompyuta 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi onse amayendera Linux. Steve Ballmer, amene ankatsogolera Microsoft, mu 2001 anati Linux ndi khansa. Mu 2018 Microsoft yomweyo inagula GitHub, kumene anthu ambiri amasungira mapulogalamu otseguka, aja amene source code yawo ili poyera, pa madola 7.5 biliyoni. VLC imene timaonera mafilimu ndi OBS imene matchalitchi amaulutsira mapemphero pa Facebook ndi zotseguka, ndipo anthu amazigwiritsa ntchito osafunsa n'komwe. Zimene inu munkanyozedwa nazo ku Kabwata lero zili m'thumba la aliyense.

Chimene iye sanachione ndi ichi. GPL inalembedwa nthawi imene pulogalamu inkaperekedwa m'manja, ndipo lamulo lake limagwira pokhapokha ukapatsa munthu pulogalamuyo. Kampani ikaiyendetsa pa maseva ake, makompyuta ake akuluakulu, n'kukulola kuigwiritsa ntchito kudzera pa intaneti, sinakupatse kalikonse, choncho ilibe mangawa okuonetsa chilichonse. N'chifukwa chake makampani akuluakulu amayala Linux pansi, pamwamba n'kumangapo zawo zotseka. Mu 2007 kunatuluka layisensi ya AGPL pofuna kutseka mpata umenewu, koma mapulogalamu amene anaitenga ndi ochepa. Canva, imene inayamba ku Australia mu 2013, ndi ya mtundu wotseka umenewo. Chimene mwana wanu amatsitsa akamaliza ntchito ndi PDF kapena chithunzi. Khadi lenileni, limene ungasunthe mawu ndi kusintha tsiku mosavuta, limatsala pa maseva a eni ake, m'akaunti ya munthu mmodzi.

Eni akewo amasintha malamulo akafuna. Mu 2013 Adobe inasiya kugulitsa Photoshop yatsopano yoti ulipire kamodzi, n'kuyamba yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo ukasiya kulipira imasiya kugwira ntchito. Google Photos inkasunga zithunzi mopanda malire mpaka mu Juni 2021; lero zimadya pa 15 GB imene umapatsidwa kwaulere. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa. Sindikunena kuti makampaniwa anaba. Anachenjeza anthu, ndipo anachita zimene pangano lawo limawalola. Kungoti posintha palibe amene anafunsa shopu ya ku Kamwala.

Tiyeni tizibweretse pakauntala panu. Banja linasindikiza kwa inu ndondomeko ya maliro a mayi awo. Patapita chaka abweranso, nthawi yovundukula chiliza yakwana. Akufuna chithunzi chomwechija, vesi lomwelija, mayina a ana ndi adzukulu monga analembedwera, musinthe mutu ndi tsiku lokha. Mwambo ndi wa Loweruka, lero ndi Lachinayi madzulo. Ngati fayilo ili pakompyuta ya shopu, ndi ntchito ya mphindi zochepa, ngakhale netiweki itavuta kapena bandulo itatha. Koma ngati ili m'akaunti ya mwana wanu, iye ali ku Chipata kuukwati, kapena foni yake yabedwa m'basi ndipo nambala yotsimikizira ikupita pa SIM yobedwayo, mudzayamba kufunsanso anthu olira mayina a adzukulu mmodzimmodzi, ndipo chithunzi mudzachijambula kuchokera pa kapepala kokwinyika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mafayilo a makasitomala ndiwo chuma cha shopu yosindikiza, kuposa pulinta yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene ndikuti musagonje.

Koma akulu anga, ndikuuzeninso pamene mukumulakwira. Mwanayo akunena zoona kuti ntchito ikutuluka msanga. Canva ili ndi makhadi okonzeratu ambirimbiri, amasankha limodzi, aikapo mayina, atumizira mkwatibwi pa WhatsApp, mkwatibwi avomera asanatsike m'basi. Pa Inkscape mumayambira pa tsamba loyera. Ndipo zida zathu zili ndi zilema zimene sitiyenera kubisa. Inkscape payokha situlutsa PDF ya mitundu ya CMYK imene makina akuluakulu osindikizira amafuna. Uyenera kudutsira pa Scribus. Osindikiza ambiri m'tauni muno amagwira ntchito ndi CorelDRAW, ndipo fayilo yawo ukaitsegulira kwina sizinthu zonse zimene zimakhala pamalo pake. CV yolembedwa pa Word ikafika pa LibreOffice mizere imatha kusuntha, makamaka ngati simunaike zilembo za Carlito ndi Caladea zimene zinapangidwa kuti zilowe m'malo mwa Calibri ndi Cambria. Mukamakana kuti mavutowa alipo, iye amangoona bambo okakamira, ndipo sadzakumverani ngakhale pamene mukunena zoona.

Palinso chizolowezi china cha anthu a msinkhu wathu chimene chimathawitsa ana. Timanyadira kuti tinavutika. Timatsegula kawindo kakuda kaja, kutayipa malamulo mothamanga mwana akuonerera, n'kumaganiza kuti asirira. Iye amangoona kuti ntchito ya mphindi zisanu yatenga theka la ola. Ufulu umene Stallman ankanena sunali woti munthu azivutika. Unali woti pasakhale wokuletsa kukonza chida chako.

Musaganizenso kuti achinyamata onse alibe nazo ntchito. Mukapita kumene amasonkhana opanga mapulogalamu, monga ku BongoHive imene inayamba kuno ku Lusaka mu 2011, mupeza anyamata ndi atsikana amene tsiku lonse amagwiritsa ntchito chinenero cholembera mapulogalamu cha Python ndi Git, chida chosungira source code chimene Torvalds yemweyo analemba mu 2005. Amaika ntchito zawo poyera pa GitHub kuposa mmene ife tinkachitira. Kusiyana kwake n'kwakuti ambiri amasankha layisensi ya MIT, imene imalola kampani kutenga ntchito yako, kuisintha n'kuitseka, bola isiye dzina lako ndi mawu a layisensiyo. Kwa iwo ntchito yotseguka ndi CV imene olemba ntchito a kunja angaione. Ine mtima wanga uli ku GPL, chifukwa ndimafuna kuti chimene watenga pagulu uchibwezere pagulu. Koma sindingatukwane mwana amene akufuna ntchito kuti alipire lendi.

Ndiye chitani izi. Musiyeni apitirize ndi Canva, koma mugwirizane lamulo la shopu, losakhudza zoti ndani wamkulu. Akaunti zonse zikhale za shopu, pa imelo ya shopu, ndipo nonse awiri muzidziwa pasiwedi ndi nambala yobwezeretsera. Ntchito iliyonse ikatha, isanaperekedwe kwa mwini wake, PDF yake ilowe m'foda ya kasitomala pakompyuta yanu, pamodzi ndi zithunzi zoyambirira ndi mawu onse pa fayilo yapadera. Google Docs imalola kutsitsa chikalata ngati ODT, mtundu wa fayilo umene unavomerezedwa ndi ISO, bungwe loona za miyezo padziko lonse, mu 2006 ndipo LibreOffice imautsegula bwinobwino. Kamodzi pa sabata zonse zikopedwe pa disiki ina imene imagona kunyumba, chifukwa kompyuta ya shopu nayonso ikhoza kupsa magetsi akabwera mwamphamvu, kapena kubedwa. Pamenepa mumuvomereze kuti kusunga kope lina pa intaneti ndi nzeru, si kugonja.

Za Inkscape dikirani ntchito imene imaifuna. Tsiku lidzafika pamene tchalitchi chidzabweretsa chizindikiro chake chaching'ono, chosaoneka bwino, n'kufuna kuti chikhale pa chinsalu cha mamita atatu, kapena munthu adzafuna chidindo. Pamenepo mukhale naye pambali, mumuonetse mmene mumatsatira mizere kuti chithunzi chikule osaphwanyika. Inunso mumupemphe akuphunzitseni Canva, ndipo muphunzire ndi mtima wonse, makasitomala akuona. Ndipo madzulo ena, mutatseka shopu, mumufotokozere za kafe ya ku Kabwata ndi envulopu ya ma CD ija, chifukwa ndikukayika ngati munamuuzapo nkhaniyo osaisandutsa ulaliki.

FUNSO

Amalume, ndine wophunzira pa UNZA, ndimakhala ku Kalingalinga. Amayi anga ku Chilenje ndi msungichuma wa gulu la chilimba, ndipo amalemba zonse pa Excel pa laputopu yakale imene ikukana Windows 11. Ndinawauza kuti tiikemo Linux, koma anakana. Akuti chinthu chopanda mwini sangaikemo ndalama za anthu. Ndiwatsimikizire bwanji?

Mnyamata wa ku Kalingalinga

YANKHO

Mphwanga, amayi ako afunsa funso la msungichuma weniweni: zikavuta ndikadandaula kwa ndani? Iwo anakulira nthawi imene katundu wodalirika ankabwera ndi lisiti, ndipo asunga ndalama za anzawo. Usawaseke.

Uwauze kuti mwini alipo. Ntchito yaikulu ya Linux masiku ano imagwiridwa ndi akatswiri olipidwa ndi makampani monga Intel, Google ndi Red Hat, ndipo Red Hat imeneyo IBM inaigula mu 2019 pa madola 34 biliyoni. Kuno kwathu, Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera pa DHIS2, pulogalamu yotseguka imene imayendetsedwa ndi University of Oslo ku Norway.

Koma usawanamize kuti chotseguka sichilakwika. Mu 2014 kunapezeka vuto la Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene inkateteza mawebusayiti ambirimbiri koma ikusamalidwa ndi anthu owerengeka. Mu Malichi 2024 kunachitika zoopsa kwambiri pa kapulogalamu ka xz. Munthu wina anakhala zaka ziwiri ndi kupitirira akudzionetsa wothandiza kwa wosamalira kapulogalamuko, amene anali yekha ndiponso wotopa, mpaka anapatsidwa mphamvu, kenako n'kubisamo khomo lolowera m'makompyuta a anthu. Amene anatulukira khomolo ndi Andres Freund, katswiri wa ku Microsoft, ataona kuti kulowa m'kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi. Anatha kufufuza mpaka pa gwero chifukwa source code inali poyera, ndipo chiwembucho chinadziwika chisanafike kwa anthu ambiri. Mantha a amayi ako ali ndi maziko, ndipo chitetezo chake chilinso pomwepo.

Chimene chili choopsa lero ndi kusachita kanthu. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yowonjezera yofika mu Okutobala 2026. Laputopuyo iziyaka ndithu, koma mabowo atsopano akapezeka sadzatsekedwa. Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, n'chifukwa chake ikukana.

Yamba ndi kukopera mafayilo awo onse malo awiri. Kenako ika Linux Mint, mtundu wina wa Linux, pafulashi, uyatse laputopuyo kuchokera pafulashipo osafufuta kalikonse. Tsegula fayilo yawo ya chilimba pa LibreOffice Calc, imene imagwira ntchito ya Excel, iwo ali pomwepo ndi kabuku kawo, awerengetse okha ngati masamu akugwirizana mzere ndi mzere. Yesaninso Wi-Fi ndi pulinta. Ngati fayiloyo ili ndi ma macro, timapulogalamu tija toikidwa m'kati mwa fayilo ya Excel, ena akhoza kukana, ndipo ukaona zotero uwauze pomwepo.

Dziwanso kuti ukaika Linux, mwini amene amayi ako akumufunayo udzakhala iweyo. Ngati ukudziwa kuti nthawi ya mayeso suyankha foni, kapena ukamaliza sukulu ukupita ku Kitwe, yamba wapeza munthu wa ku Chilenje komweko amene amaidziwa Linux, uwapatse amayi nambala yake, ndipo uike tsiku losinthira likhale kutali ndi tsiku logawana ndalama.